Chaka Chimene Amayi Anabwera Kudzanditenga

Chimene ndimachionabe m'maso ndi sutikesi yofiira itaima pakati pa mpunga umene tinayanika pabwalo, timatayala take titatitimira. Inali nyengo yokolola kwathu ku Liwaladzi, mwera ukuwomba mpaka milomo kung'ambika, mudzi wonse ukununkha mapesi a mpunga ndi chinangwa choviika. Ine ndinali ndi bango m'manja, ndikuingitsa nkhuku. Mayi wina wonunkhira sopo wachilendo anaima pambali pa sutikesiyo atagwira kamnyamata padzanja, nanditchula dzina. Anali amayi anga. Anapita ku Mangalande ine ndisanayambe sukulu, bambo atangomwalira, ndipo ndinkangowadziwa mawu a pa foni. Anandikumbatira nthawi yaitali. Sindinalire, sindinasekenso, maganizo anga anali pa nkhuku zimene zinkatha mpunga kumbuyo kwawo.

Mudzi wonse unkadziwa kuti abwera kudzanditenga. Miyala yanga ya phada ndinali nditaigawa kale kwa anzanga, ndipo ku madarasa atsikana ankandiseka kuti ndine mzungu wa mang'a ku mapazi. Amayi aakulu, amene anandilera, ankati ndikamakolopa ndizikolopa bwino, kumeneko kulibe wondikolopera. Usiku ndinkagona mphasa imodzi ndi amayi, koma ndinkadzikhwinyata kumphepete ngati ndagona ndi mlendo wa pamaliro.

Kamnyamatako kanali mlongo wanga Yusufu, wobadwira konko kwa bambo wina amene anawasiya amayi mwana ali kumsana. Amayi ankamuitana kuti Jo, poti aphunzitsi a kumeneko dzina lenileni linkawalemera pakamwa. Chichewa sankachidziwa ngakhale pang'ono. Ankadya ndi dzanja lamanzere, usipa ankauyang'ana m'maso n'kuukankha, ndipo tikamapita ku dambo kukanyamula mitolo ya mpunga iye ankatsalira akulira matope. Ana anzake ankamukonda chifukwa cha nsapato zake zoyaka kuchidendene. Akuluakulu ankangoyang'anizana.

Mwini mbumba kwathu anali amalume a Saidi, msodzi wosaphonya swala, mapemphero athu a Chisilamu, amene mawu awo pa ana a alongo awo sankabwezedwa. Lachisanu lina akuswali pakhonde, Yusufu anadutsa kutsogolo kwawo akuthamangitsa mpira, naponda mkeka woswalirapo ndi nsapato zake zija. Amalume sanamukalipire. Anamaliza swala, napinda mkeka, naitana amayi pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pafupi ndikupeta mpunga, ndipo palibe anandithamangitsa.

Amalume analankhula nthawi yaitali za azungu. Anati dziko lawo latha: ana sadziwa Mulungu, nyumba zopemphereramo zikusanduka malo omwera mowa, makolo akakalamba amakawatula kwa anthu aganyu. Zomalizazo zinali zoona, chifukwa ntchito ya amayi inali yomweyo, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni. Amayi anamvetsera akutongola zikhadabo. Kenako anati, "Achimwene, iwonso akunena zomwezo, kuti dziko lawo latha. Koma akuti talitha ndife. M'basi amandiuza kuti ndivule mpango kapena ndibwerere kwathu. Ndafika kuno, akuti ndavula kwambiri." Amalume anangoyankha kuti, "M'mera mpoyamba, mlongo wanga. Mnyamatayu atsale, alowe madarasa, akakula pang'ono apite ku jando. Mtsikanayu ndiye musayerekeze n'komwe kumutenga. Tataya kale inu, tisatayenso ana awiriwa."

Ndinadikira kuti amayi akane. Ndinasiya kupeta, lichero lili m'manja. Iwo anayang'ana kumene Yusufu ankasewera, nanena motsitsa kuti akamagwira ntchito ya usiku amamusiya kwa mayi wina wa nyumba yoyandikana amene samupatsa ndi madzi omwe. Za ine sananene kanthu. Ndikuganiza kuti anali otopa kwambiri, kutopa kumene ine panthawiyo ndinalibe dzina lake. Ndinapitiriza kupeta, mankhusu akundibwerera kumaso chifukwa ndinaima molakwika ndi mphepo.

Tsiku lobwerera, amayi ananyamuka m'mamawa Yusufu ali mtulo, monga mwa mwambo wathu wozembera mwana kuti asalire. Ine ndinawaperekeza kumsewu. Minibasi itaima anandigwira masaya n'kunena kuti ndimusamale mlongo wanga, chaka chamawa zinthu zisintha. Ndinavomera. Nditabwerera ndinapeza mwana wadzuka akuzungulira nyumba, akufunsa aliyense m'chilankhulo chimene palibe ankachimva. Analira mpaka mawu kutha, masabata otsatira ankangonditsatira kuchitsime, ku dambo, mpaka pakhomo la bafa. Ndinkamusambitsa, ndinkamumenya dzanja lamanzere, ndinkamuchotsera minga ya nsomba. Sindinganene kuti ndinkamukonda kapena kumuda masiku amenewo. Ndinkangochita. Pofika mvula Chingerezi chinali chitamuthera, ndipo amayi akaimba foni ankaigwira pang'ono n'kundipatsira.

Chaka chamawa chija chinatenga zaka zambiri. Ndakula tsopano, ndipo ndikamva pa wailesi anthu a kunjako akudandaula kuti Asilamu akukana kukhala ngati iwo, ndimakumbukira amalume akudandaula kuti Asilamu omwewo akusanduka azungu. Mantha awo ndi amodzi, ndipo mbali zonse ziwiri amaopera ana, koma sindinamvepo wina akufunsa mwanayo. Sindiwakwiyira amalume. Chimene ankafuna chinatheka: Yusufu anakula mnyamata waulemu, wowerenga Korani mokoma mpaka a shehe kumamuika kutsogolo kwa anzake.

Amayi anabweranso pamene amalumewo anamwalira, imvi zitayamba. Yusufu, yemwe tsopano anali atandipitirira msinkhu, anawalandira katundu, nawayalira mphasa yatsopano pamthunzi, nawafunsa za ulendo mwaulemu wonse. Iwo anamuitana kuti Jo, iye sanatembenuke, osati mwamwano, sanadziwe chabe kuti akunena iye. Kenako anandipeza kukhitchini ndikutereka madzi, nandifunsa monong'ona, "Achemwali, alendowa amamwa tiyi wa shuga?"