Misana Iwiri

Ndimaikumbukirabe epuloni yoyera ya amayi, yonunkhira sopo amene kwathu ku Kaphuka sitinasambirepo. Bambo atatisiya, amayi anaipatsidwa pamene anapeza ntchito yolera mwana wa mzungu wina ku Boma, mayi wa bungwe lolimbikitsa atsikana kupita kusukulu. Amayi ankagona konko, kwathu n'kumabwera Loweruka lokha.

Inali nyengo yachisanu, chija cha ku Dedza chong'amba milomo ndi zidendene. Mlongo wanga wakhanda anamusiyitsa kuyamwa asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo panafunika womulera. Amalume sanachedwe kugamula: "Mnyamatayu apitirize sukulu, mtsikanayu abereke mwanayu." Achimwene anga, amene samu zinkawazunguza mutu, ankanyamuka m'mawa ndi makope, ine n'kutsala ndi phala ndi matewera. Chonsecho woyamba m'kalasi mwathu ndinali ine. Mpaka lero zimandiwawa.

Pasanapite nthawi kusukulu kunabwera galimoto yoyera. Ndinathamangirako mwana ali kumbuyo. Mzungu uja ankalankhula pabwalo, aphunzitsi akumasulira kuti malo a mtsikana ndi m'kalasi. Anthu anawomba m'manja. Pambali pake panaima amayi, atabereka kamwana katsitsi ngati ndevu za chimanga. Ankati sikagona pena paliponse koma pamsana pawo.

Mlongo wanga atawaona analira mokuwa, akutambasula timanja. Mzungu anacheuka n'kundiloza. Aphunzitsi anamasulira funso lake akuyang'ana pansi, poti yankho ankalidziwa: mwana uyu ndi wa yani, nanga bwanji sali m'kalasi?

"Ndi wanga," anatero amayi. "Sukulu saifuna. Ndi waulesi."

Mzungu anapukusa mutu mwachisoni, n'kundipatsa pensulo. Sanali munthu woipa, ayi. Kungoti sanafunse kuti khanda lolirali amaligoneka ndani mayi wake akamagoneka mwana wa eni.

Ndinabwerera kunyumba misozi ili chuchuchu, ndipo Loweruka lotsatira amayi sindinawalankhule. Sindinkadziwa kuti akanati anene zoona, mzungu uja, mwa chifundo chakecho, akanawabweza kumudzi kuti akalere ana awo, iye n'kulemba mayi wina, ife n'kumagona ndi njala.

Pabwalo paja, mwana akulira, ndinaona bulauzi ya amayi itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri, iwo akuyesa kubisa ndi mkono. Ndinadabwa kuti munthu angatuluke bwanji thukuta m'chisanu chotere.