Kadontho Kachikasu ka a Atanásio

Ine ndine Julião, ndimayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Furancungo ndi Chidzolomondo. Anthu amati ndine wapakamwa, ndipo sindikana. Nkhani iyi ndikanaisiyira eni ake, koma eni akewo ali chete, ndipo amene akuyenda momasuka pamsika ndi amene anawalakwira.

A Atanásio anabadwira ku Ntengo-Wambalame, kwa alimi a kachewere. Nkhondo itafika anathawira ku Malawi ndi makolo awo, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kugwira sipanala. Anabwerera mu 1993 atasenza bokosi la zitsulo, nakwatira mayi Ernestina a kuno ku Furancungo, n'kukhala pachikamwini mpaka lero. Ofisina yawo, galaja yokonzera magalimoto, ili kuseri kwa msika: malata asanu ndi limodzi pamwamba pa mitengo inayi, ndi chitsa chimene amakhalapo akafuna kuganiza. Injini amakonza, magiya amakonza monyinyirika, koma dzina lawo linatchukira pa mabuleki.

Ntchito yawo ili ndi mwambo wake. Akamaliza mabuleki salola kuti mwini galimoto angoliza n'kumapita. Amakhala okha pachiwongolero, mwiniwake pambali, n'kutsika chitsikiro chokhotakhota cha kumtsinje, chija chimene ife oyendetsa timachitsika titasiya nthabwala. Akafika pansi amatuluka n'kukhudza matayala onse anayi ndi kuseri kwa dzanja, kuti amve ngati lina latentha kuposa anzake. Akabwerera ku ofisina ndi pamene ankatsegula kachitini ka tinta, penti wachikasu, kuviika mutu wa msomali, n'kudontheza kadontho kamodzi pa pinsa ya tayala lililonse, chitsulo chija chimene chimapana mapastilya, mapadi a mabuleki, kuti tayala liime. Galimoto imene sanatsike nayo okha sinkalandira kadontho, ngakhale mwini wake akhale wansembe.

Kadonthoko kanakula kuposa ofisina. Amayi ena a ku Chidzolomondo sadziwa ngati injini ili kutsogolo kapena kumbuyo, koma asanakweze thumba la nyemba pa chapa yanga ankawerama kusuzumira m'mipata ya tayala. Akaona chikasu ankakwera n'kuyamba kugona tisanatuluke ndi m'mudzi momwe. Ine zinkandipsetsa mtima kuti amakhulupirira tinta kuposa mwendo wanga, koma ndinkadyera pomwepo, choncho ndinkangoseka.

Mnzawo wapamtima anali a Belmiro, mlimi wamkulu wa fodya. Awiriwa anabwerera kuchokera ku Malawi pa lole imodzi, atafunda bulangete limodzi. Mwana woyamba wa a Belmiro, Hélder, anamugwira pa ubatizo ndi a Atanásio, ndiye kuyambira pamenepo ankaitanana kuti akumpadre. Lamlungu lililonse potuluka m'tchalitchi a Belmiro ankapita ku ofisina kukakhala pachitsa paja, pamene ine sindinalolezedwepo kukhala ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chatha fodya anawayanja a Belmiro, ndipo anabwera kuchokera ku Tete ndi galimoto yotuwa, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yonyezimira. Tinaizungulira tonse. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti pakati pa mipando panalibe ndodo ya buleki ya m'manja. Panali kabatani kakang'ono ngati ka wailesi. Ukakadina, kumbuyo kunkamveka kulira kwa kamota, galimoto n'kuima nji. A Belmiro ankakadina ndi kukadinanso kuti anthu amve, mpaka tinatopa nawo.

Fumbi lathu silisankha galimoto. Patatha miyezi isanu ndi itatu, tayala lakumbuyo linayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Mapastilya anali atatha. Ndipo zinachitika sabata imene Hélder ankakwatira Cátia, mtsikana wa ku Chidzolomondo. Lolemba m'mawa a Belmiro anabweretsa galimoto ku ofisina. Ine ndinalipo, ndinkadikira kuti andiwotcherere chitsulo cha chitseko.

A Atanásio anachotsa tayala n'kuyang'ana nthawi yaitali osagwira kanthu. Kuseri kwa pinsa kunali kamota kakuda ndi mawaya. Anaimbira foni mnzawo wina wa ku Tete, anamvetsera, kenako anabwezera tayala pamalo pake.

"Akumpadre, iyi sindiigwira lero," anatero. "Pisitoni yake sikankhidwa ndi mphamvu ngati zinazi. M'kati muli chitsulo chamazinga chimene kamota aka kamapotokola mukadina batani. Pamafunika makina a kompyuta auze kamotako kabwerere m'mbuyo kaye. Ndikaipana ndi chopanira changa ndithyola zam'kati. Makinawo ine ndilibe. Mnzanga abwera nawo Lachiwiri la sabata yamawa."

"Ukwati ndi sábado, Loweruka lino, akumpadre."

"Ndikudziwa, jekete ndachapitsa kale. Tengani chapa ya Julião, timange maluwa kutsogolo."

"Mpongozi wanga akwere chapa yonyamula mbuzi?"

Mbuzi ndimanyamula Lachinayi lokha, ndipo ndimatsuka.

Apo a Belmiro anatsitsa mawu n'kunena chimene chinkawavuta. Atsibweni ake a mkwatibwi, a Faustino, anataya mchimwene wawo pa chitsikiro cha kumtsinje zaka zapitazo, ndipo anali atanenetsa kuti mwana wa mlongo wawo sakwera galimoto yopanda kadontho. "Ingodonthezani, akumpadre. Mabuleki akutsogolo ali bwino. Ndiyenda pang'onopang'ono, Lachiwiri mudzakonza."

"Kadontho n'ka galimoto imene ndatsika nayo," anayankha a Atanásio. "Inuyo ndingakupatseni chilichonse m'nyumba mwanga, koma chimenecho ayi."

A Belmiro anaseka, nawagwira paphewa, n'kunena kuti zamveka. Ine ndinaganiza kuti zathera pomwepo.

Lachitatu, a Atanásio atapita kumtsinje kukayesa lole ya munthu wina, a Belmiro anafika kwa mayi Ernestina kudzabwereka kachitini ka tinta. Anati akufuna kulemba chikwangwani cholozera alendo njira ya kuphwando. Mayiwo anapereka ndi manja awiri. Akumpadre sukanawafunsa kawiri. Zimene zinachitika Lachinayi tinazimva pambuyo pake kwa oyandikana nawo nyumba: Hélder anakhala tsiku lonse pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya bambo ake, foni ataitsamiritsa pa njerwa, akuonera mmene ena amasinthira mapastilya pa galimoto za ndodo. Pisitoni itakana kubwerera, bambo ake anamuthandiza kukoka chopanira ndi paipi mpaka china chake chinalira m'kati, pisitoni n'kulowa. Iwo anayesa kuti apambana.

Loweruka m'mawa tinafika ku Chidzolomondo, galimoto yotuwa patsogolo itavala maluwa, a Belmiro pachiwongolero, ine pambuyo kuti ndinyamule amayi oimba. A Faustino anatuluka atavala suti, anagwada pafumbi ndi suti yomweyo, nasuzumira m'tayala. Anaona chikasu. Ananyamuka, napukuta mawondo, n'kutsegulira Cátia chitseko okha. Ine ndinali kumanga katundu padenga, sindinaone chimene anaona, ndinangodabwa kuti nkhalambayo yafewa msanga.

Pakhomopo m'potsetsereka, ndiye a Belmiro anali atadina batani poimika. Ponyamuka galimoto inachita ngati ikukoka mwendo. Titayenda kanthawi ndinayamba kumva fungo la chinthu chopserera, kenako ndinaona utsi ukutuluka kutayala lakumbuyo lakumanzere. Ndinaliza hutala, ndinawalitsa nyali, koma amayi anali pakati pa nyimbo ndipo a Belmiro anayesa kuti ndikusangalala nawo, anatulutsa dzanja n'kumandibayibitsa. Buleki ya tayala limenelo inali itagwira osamasuka njira yonse, ndipo mafuta a mabuleki anatentha mpaka kuwira.

Pa chitsikiro cha kumtsinje ndinaona nyali zofiira zikuyaka koma galimoto osachepetsa liwiro. Pakhota lachiwiri a Belmiro anaikhotetsera kuchulu cha m'mbali mwa munda, n'kuigunditsa pamenepo. Nyimbo inaduka. Palibe anafa, tithokoze Mulungu, koma Cátia anatuluka ndi bala pachipumi, magazi akudontha pa diresi loyera.

A Faustino atatsimikiza kuti mwana akuima yekha, anapita kutayala lofuka utsi lija n'kuweramanso. "Mabuleki awa anakonza ndani?"

A Belmiro anayang'ana ine, anayang'ana pansi, kenako anati, "Mukuona nokha kadonthoko."

"Limenelo ndi bodza," ndinatero ine. "Lolemba ndinalipo, a mesitiri Atanásio anakana kuigwira."

"Iwe Julião, lero si tsiku la pakamwa pako," anatero mayi wina wa kuchikazi. Ena anati ndikuikira kumbuyo mnzanga, ena anati ndikuwawidwa chifukwa chapa yanga inakanidwa. Tinta anali pomwepo, wowala, ndipo tinta anamveka kuposa ine. Mkwatibwi anakwera chapa ya mbuzi ija, mpando wakutsogolo, atagwira mpango pachipumi.

A Atanásio anali pakhomo pa tchalitchi ndi jekete yawo yochapa, akudikira kuti aime pambuyo pa mwana wawo wa ubatizo. A Faustino anatsika n'kupita molunjika kwa iwo, anthu onse akumva. "A mesitiri, ndinagwada pafumbi chifukwa cha dzina lanu. Mwatsala pang'ono kutiphera mwana."

Ndinaona a Atanásio akutembenuka kufunafuna a Belmiro. A Belmiro anali otanganidwa kukonza tayi ya mwana wawo, ndipo tayiyo inatenga nthawi yaitali kukonzeka. Hélder anali ataika manja kutsogolo, ndipo m'mbali mwa chikhadabo cha chala chake chachikulu munali chikasu chimene sopo anachilephera. Ine ndinachiona, a Atanásio anachionanso. Akanangonena mawu awiri, a Faustino akanatenga mwana wa mlongo wawo n'kubwerera naye ku Chidzolomondo, ukwati n'kuthera pakhomo pa tchalitchi. A Belmiro ankadziwa zimenezo, ndipo ankadziwanso munthu amene anafunda naye bulangete limodzi. Anawerengera kuti a Atanásio sadzalankhula.

"Ndamva, a Faustino," anatero a Atanásio. Analowa, anaima pambuyo pa Hélder, ndipo nthawi itakwana anasaina m'buku ngati mboni. Kuphwando sanapite.

Lachiwiri munthu wa ku Tete uja anabwera ndi makina ake, ndipo a Belmiro anamuitanira kunyumba kwawo, osati ku ofisina. Pobwerera munthuyo anadutsa kwa a Atanásio ndi chitsulo chamazinga chothyoka m'thumba, n'kuwauza kuti pinsa yonse yatha ntchito, kamota kapsa, ndipo zipsera za chopanira zikuoneka poyera. Anatinso kadontho ka pa galimotoyo n'kotambalala ngati kodinda ndi chala. Aliyense wodziwa amadziwa kuti ka a Atanásio sikaposa mutu wa msomali. Ndinawapempha kuti titenge chitsulocho tipite nacho kwa a Faustino. Anachilandira, anachitembenuza kawiri, n'kuchiponya m'mgolo wa zitsulo zotha.

"Cátia ali kale m'nyumba," anatero. "Ukufuna akadziwe kuti chipsera chili pachipumi pakecho anamupatsa ndi mwamuna wake?"

Ndinadikira kuti mwina a Belmiro abwera okha, ngakhale mobisa, kudzagwada. Sanabwere. Patapita mwezi anakumana ndi mayi Ernestina pachigayo n'kuwauza kuti iwo anachita zija pofuna kupulumutsa ukwati wa mwana, ndipo akumpadre ndi munthu womvetsa, dzina lawo ndi lalikulu, silingagwe ndi kamodzi kokha. Mayiwo anabwera kunyumba atapsa mtima, ufa ataiwala pachigayo. Kachitini ka tinta sikanabwezedwe mpaka lero. Lamlungu chitsa chija chimakhala chopanda munthu, ndipo a Belmiro akafuna kupita kumsika amazungulira njira ya kuchipatala.

Dzina linagwa. Malole a fodya anayamba kupita kwina. Masiku ambiri ndikadutsa ndimawapeza a Atanásio akukonza njinga zamoto, munthu amene madalaivala ankamudikira pamzere. Sadandaula, koma anaonda, ndipo nthabwala zawo za magiya zinatha. Ine ndimauza aliyense wokwera chapa yanga zimene ndinaona, koma anthu anazolowera kuti Julião amalankhula.

Mwezi watha mapastilya anga anatha, ndinapita nayo chapa kwa iwo. Anagwira ntchito monga kale, osafulumira. Tinatsika kumtsinje, iwo pachiwongolero, ine pambali. Pakhota lachiwiri sanayang'ane kuchulu kuja. Pansi anatuluka, anakhudza matayala onse anayi ndi kuseri kwa dzanja, tinabwerera. Titafika ndinatulutsa kachitini katsopano ka tinta wachikasu kamene ndinawagulira ku Tete, pamodzi ndi msomali.

Anakayang'ana osakalandira. "Bwerera nako, Julião. Kale kadontho kankanena kuti ine ndatsika nayo galimoto. Tsopano kamangonena kuti munthu ali ndi tinta."

Anatenga pepala la mchenga, anagwada, n'kufuta madontho akale onse anayi pa chapa yanga. Ndinabwezera kachitini kanga m'thumba.

M'mawa mwake ku Chidzolomondo mayi wina wa nyemba anatula thumba lake pansi, n'kuwerama kusuzumira m'tayala monga mwa masiku onse. Anayang'ana lakutsogolo, anayang'ana lakumbuyo, sanapeze chikasu. Anaweramuka n'kuuza mnzake kuti, "Bola, iyi sinapite kwa a Atanásio." Anakwera onse awiri, ndipo tisanatuluke m'mudzi anali atagona.