Duveti Yonunkha ya ku Eastleigh

Nkhani iyi ndikaifotokoza ena amati ndikukometsera, koma ndikukuuzani anzanga, inandichitikira ndithu, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndili pa chakudya ndimasamba m'manja n'kuchokapo. Maina sinditchula, chifukwa anthu amene ndinali nawo akadali moyo ndipo sakonda kuikumbutsidwa.

Munali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili mtsikana, ndikuphunzira pa yunivesite ina ku Kahawa, mu Nairobi. Kutchalitchi kwathu kunali banja lina la Amalawi, abambo ake ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Gigiri, ndipo ife ana asukulu tinkawatenga ngati makolo athu. Abambowa anali ndi kachizolowezi komwe anatengera kwa azungu akuntchito kwawo, kokagona kumapiri, osati m'tenti ayi, koma m'machira, nsalu yolimba yomwe umamangirira pakati pa mitengo iwiri n'kugonamo ukulendewera. Amayi ankawaperekeza monyinyirika, ndiye pa tchuthi china cha mu Julaye anandipempha kuti ndipite nawo, akuti apeze mkazi mnzawo wodandaula naye.

Amene anakhalako ku Nairobi akudziwa mmene Julaye amazizirira, nanga kuli bwanji kumapiri? Abambo anandifotokozera kuti m'machira chisanu chimalowera kumsana, chifukwa mphepo imadutsa pansi pako, ndipo bulangete ukaligonera limaphwatalala n'kusiya kufunditsa. Anati nzeru yake n'kumangirira zofunda kunsi kwa machirawo, chopepuka chiyambe, chokhuthala chibwere kunja, zonse zikhudze nsalu bwinobwino popanda mpata wolowera mphepo. Iwo anali ndi chawo cha nthenga chochokera kunja, koma amayi ndi ine tinalibe. Ndiye anandituma ku Eastleigh, dera lamalonda la mu Nairobi momwemo, kuti ndikagule maduveti awiri okhuthala, zofunda zija zosokerera thonje m'kati, amayi adzasokerere zingwe m'makona.

Ndinakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, n'kutsika m'matope aja muli anthu okankha ngolo za katundu akukukuwiza kuti uchoke m'njira. M'kanjira kena kothina pakati pa mashopu ndinapeza bambo wina wokoma pakamwa, ataunjika maduveti a maluwa ofiira, onse okutidwa m'pulasitiki. Ankangoti mpya kabisa, kutanthauza kuti ndi atsopano enieni. Nditanyamula imodzi inali yolemera ndipo m'kati munali timibulu, komanso inkanunkhira mafuta onunkhira mopyola muyeso, mpaka ndinayetsemula. Iye anati kulemerako ndi umboni woti ndi thonje lenileni, ndipo fungolo ndi mankhwala othamangitsa njenjete. Kodi inu mukanakayikira chiyani? Chinthu chili m'pulasitiki, chowala, chosokedwa bwino.

Tinafika kumapiri kumpoto kwa mzinda masana, kuli chifunga ndi kamvula kowaza. Tinamanga machira atatu, malona pamwamba, kunsi bulangete lopepuka kenako duveti. Abambo anati aliyense ayese kugonamo kusanade, kuti ngati pali polakwika tikonze tikuona. Ndinalowamo, ndipo kunena zoona poyamba munali mokoma, kumsana kunayamba kutenthera moti ndinatsala pang'ono kuodzera.

Kenako fungo linayamba. Chinyezi chija chitalowa m'duveti ndi kutentha kwa thupi langa, mafuta onunkhira aja anatha mphamvu, panatuluka fungo lina lomwe ndinalidziwa koma sindinafune kulidziwa, fungo la m'wodi ya chipatala losakanikirana ndi la nyama yoyamba kuwola. Ndinaganiza kuti pafupi pafa kanyama. Amayi ali m'machira awo anandifunsa ngati ndaponda chinachake, ine n'kuwafunsanso chimodzimodzi, tonse n'kuseka. Tinaseka ndithu, tangoganizani.

Nthawi yomweyo ndinamva kuzizira m'chiuno, ndiye ndinachita zimene abambo anatiphunzitsa, kutulutsa dzanja n'kupapasa kunsi kuti ndione ngati pali mpata. Ndinapeza kuti zam'kati mwa duveti zasonkhana mbali imodzi, ndipo nditagwira chibulu chija kuti ndichimwaze, china chake chinandibaya m'munsi mwa chala chachikulu, mozama. Ndinati ndi minga. Koma nditatsika n'kuyang'ana, pa duwa limodzi lofiira panali patatulukira kachitsulo kopindika. Abambo anakakoka, ndipo kanatuluka ndi kamutu kake ka pulasitiki kobiriwira. Inali singano ya jakisoni.

Abambo anatenga mpeni n'kung'amba duveti ija kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ndipo zimene zinakhuthukira pa udzu, abale anga, sindikufunira munthu aliyense kuti adzazione. Thonje linalimo, inde, koma thonje logwira kale ntchito, lili ndi magazi ouma akuda. Mabandeji achikasu ndi mafinya, ena akadali opindika mmene anachokera pa mwendo wa munthu. Pulasitala womatirira tsitsi la anthu. Zala za magolovesi, kachubu kali ndi zofiirira m'kati, ndi zina za m'chipinda chochiliramo amayi zomwe sindingalembe pano. Anang'ambanso ya amayi, zinali zomwezo. Amayi anathamangira kuseri kwa mtengo n'kusanza, koma ine ndinangoima, ndikuyang'ana kadontho ka magazi pa dzanja langa kakukula.

Muyenera kumvetsa kuti zinali zaka ziti. Foni iliyonse yochokera kumudzi inkabwera ndi maliro a matenda aja. Mchemwali wanga weniweni tinali titamuika m'manda chaka chapitacho, ndipo ndine amene ndinkamusambitsa atatha ngati kamwana. Ndiye singano ya munthu wosadziwika, wodwala chosadziwika, yandilowa m'thupi. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Amayi anabwera akupukuta pakamwa, nandigwira dzanja mwamphamvu.

“Finya, mwana wanga, finya atuluke! Bambo, bweretsani madzi otentha aja ndi sopo, mwangoima bwanji?”

“Amayi, ndifa ngati achemwali,” ndinatero.

“Khala chete. Sufa. Finya.”

Anandisambitsa dzanjalo mpaka linachita dzanzi. Abambo anathira parafini pa zonyansa zija n'kuyatsa, ndipo utsi wake unatimatirira m'zovala ndi m'tsitsi, moti njira yonse yobwerera tinayenda mawindo ali otsegula ngakhale kunali kuzizira koopsa. Abambo aja, munthu wokonda nthabwala, anangopepesa kamodzi n'kuika maso pa msewu mpaka ku Nairobi.

M'mawa mwake ananditengera kwa dokotala. Anandibaya jakisoni wa kafumbata, nati kachilombo kaja sikakhalitsa moyo m'singano youma, koma sangalumbire, komanso pali matenda a chiwindi omwe amapirira kwambiri, choncho ndidikire miyezi ingapo ndidzayezedwe. Miyezi imeneyo ndi imene ndinadziwa kuti munthu akhoza kunyansidwa ndi thupi lake lomwe. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kusweka. Nyama sindinkadya. Zofunda zonse za m'chipinda changa ndinazitulutsa, ndinkagona nditavala jekete n'kufunda chitenje, ndikunjenjemera. Chimfine chikangondigwira ndinkati basi zayamba. Mnyamata amene tinkakonzekera naye chinkhoswe ku Zomba nditamuuza pa foni, anafunsa ngati inalidi singano. Funso limenelo linandibaya kuposa singanoyo.

Ndikudikira choncho, tsiku lina amayi anati tipite ku Eastleigh tikamuone bambo uja. Pamalo pake tinapeza pakugulitsidwa nsapato, ndipo aliyense ankati samudziwa. Mayi wina wogulitsa tiyi ndi amene anatinong'oneza kuti alipo anthu amene amatola zinyalala zotayidwa kuseri kwa tizipatala tina, amaziviika pang'ono, kuziyanika, kenako n'kuzisokerera m'nsalu zatsopano. Akunena izi, ndinaona patsidya pa msewu timaduveti ta ana, ta maluwa ofiira omwewo, ndipo mayi wina wachitsikana anali atatulutsa kamodzi m'pulasitiki akukakhudzitsa pa tsaya la khanda lake. Tinawoloka tikuthamanga, amayi akukuwa m'Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti asagule, ang'ambe kaye aone. Mwini katundu anatitukwana n'kutikankha, anthu anayamba kutizungulira, ndipo mayi uja anatiyang'ana ngati amisala, nakulunga mwana wake m'kaduveti kaja n'kukwera matatu. Tinangoona ikupita.

Magazi anga atayezedwa anapezeka abwino, ndipo ndinayezetsanso kachiwiri chifukwa sindinakhulupirire. Chinkhoswe chija ndinachithetsa ndekha. Kumapiri ndinapitakonso patapita zaka, n'kugona m'machira bwinobwino, koma zofunda zakunsi ndinasoka ndi manja anga, thonje lake ndikuliona.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti pali anthu amene mtima wawo unawola kuposa zimene ndinaona pa udzu paja, chifukwa amene anasoka duveti ija anaiona singanoyo kapena sanasamale kuiona, ndipo anadziwa kuti pagona munthu. Choncho inu amene mumagula zofunda zokhuthala, kaya n'za paulendo kaya n'za mwana, musakhulupirire pulasitiki. Sosolani msoko pang'ono pamaso pa wogulitsayo, muone m'kati ndi maso anu, ndipo akakana musiyireni katundu wake. Ine ndinapulumuka, koma za khanda lija sindidziwa, ndipo palibe amene angandiuze.