Sayansi ya aTembo inathera m'chiwaya

Ndikukumbukira chaka chomwe aTembo, aphunzitsi athu a kalasi ya Sabu B, anatulukira kuti ku Kafue kuli tizilombo. Inali nthawi ya Chitaganya, iwo atangochoka kumene ku koleji. Udzudzu wa kumtsinje unkatiluma chibadwire, komabe tinkasowadi munthu wa tayi woti atiuze kuti uli ndi miyendo isanu ndi umodzi.

Mzungu woyendera sukulu anali pafupi kubwera, ndipo ntchito ya aTembo inali isanakhazikike. Kukhumudwitsa bwanayo kunali kupakira katundu. Choncho mvula itangokata anatitulutsa kupita m'mbali mwa njanji, kuseri kwa siteshoni. Dothi linkanunkhira, udzu ukutiyabwa m'miyendo. Tinakwawa m'matope kumbwandira ziwala, kukumba nkhululu, kutola inswa zothothoka mapiko. Kachilombo kalikonse kankapatsidwa dzina lachizungu, ngati kuti chiwala chikabatizidwa chimadumpha mwaulemu. Chitini chomwe tinkaponyamo tizilombo chitadzaza, aTembo anapita nacho kunyumba kuti m'mawa adzabaye tizilomboto pakatoni ndi mapini.

Anangoyiwala kuuza akazi awo.

Kutacha mzungu uja anafika, kabudula woyera, mawondo ofiira. Patebulo panali katoni ndi mapini basi. Mwadzidzidzi pawindo panasuzumira mayi a kunyumba kwa aTembo.

"BaTembo, vija vinswa munakonda dzulo vasalako. Nibweretse?"

Sayansi yonse ya Sabu B inali itathiridwa mchere, ndipo mwini wake anali atanyambita zala osafunsa komwe ndiwo yachokera.

ATembo anapukuta thukuta. "Bwana, ife kuno timaphunzira tizilombo tamoyo, panja."

Tinabwereranso kunjanji pamzere. Mzungu anasangalala kwabasi, akuti kwawo njira yamakono ndi yomweyo. Anaima pamthunzi nkumagwedeza mutu, nsapato zake zili pakati penipeni pa msewu wa linthumbu. Tonse tinaona. Koma tinali ana oleredwa bwino, ophunzitsidwa ndi ndodo kuti mwana sayankhula kwa wamkulu asanafunsidwe. Tinasunga mwambo mpaka linthumbu linafika kumene kabudula amathera.

Gule amene anavina bwanayo sindinamuonenso kwina. Anadzimenya ntchafu, anaponda ngati akupuntha mapira, nathamangira kuseri kwa thanki ya madzi a sitima, lamba ali kale m'manja. ATembo ankamutsatira akufotokoza mwaulemu kuti nyerere zimenezi zimakhala mogwirizana kwambiri. Ntchito sanawachotse. Mwina bwanayo anaona kuti kuwadandaula kukanafuna kuti afotokozenso za kuseri kwa thanki.

Lero ana amaphunzira zonsezi pafoni, zovala zili zoyera. Mdzukulu wanga amakhoza mayeso a tizilombo kuposa anzake onse, chikhalirecho sanagwirepo chiwala. Dzana mphemvu inadutsa pabalaza. Katswiri wathuyo anakwera pampando nkuyamba kukuwa kuti agogo abwere ndi tsache.