Mwana wa ku Madzimoyo amene anabadwa ngati ine

Ndinabadwa ndi thupi limene azamba analephera kunena ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi. Bambo anga anali mphunzitsi wa pamishoni, munthu wokhulupirira kuti dokotala salakwa. Ndisanayambe sukulu ananditengera kuchipatala, n'kundiuza kuti akukandichotsa chotupa. Ndinabwerako ndi zipsera komanso ululu umene mpaka lero umandikumbutsa ndikamataya madzi. Anandilera ngati mtsikana, ndipo pakhomo pathu nkhaniyo sinatchulidwenso. Zoona zake ndinazitola ndekha, poona anzanga onse akutha msinkhu, ine ayi.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndinkakhala ndekha m'tauni, ku Kapata, ndikusoka zovala pakhonde la golosale. Bambo anali atamwalira, amayi atabwerera kukalima ku Madzimoyo. Tsiku lina, nyengo yokolola thonje, ndinangoona amayi atulukira, fumbi lili mbuu kumapazi. Anakhala pabenchi la makasitomala, osafuna ngakhale madzi akumwa.

"Kwathu kwabadwa mwana ngati iwe," anatero.

Aka kanali koyamba kumva mawu oterewa pakamwa pawo. Ndinachotsa phazi pamakina.

"Ndiye ine nditani, amayi?"

"Makolo ake akufuna kupita naye ku Lusaka kuti akamudule. Ine ndawaletsa, koma akuti ndilibe mwana wotero, ndingadziwe chiyani. Sindinathe kuwayankha popanda kukupempha iwe."

Ndinakwiya, sindinama. Zaka zonsezi anali chete, lero akufuna ndikavule pamaso pa anthu a m'mudzi. Ndinawauza choncho. Iwo anangoti, "Ukakana sindikudandaula. Thupi ndi lako." Anagona kwathu, ndipo kutacha tinakwera limodzi lole yopita kokatenga thonje.

Banjalo linali la achinyamata, Akatolika, olima chimanga ndi mtedza, ndipo mwanayo anali wawo woyamba. Nthawi yotuluka m'chikuta inali itapita kale, koma mayi wake anali akadabindikirabe m'nyumba, kuopa amayi anzake amene akanafuna kumunyamula mwana ndi kumusintha thewera. Ubatizo nawo unali utaima, popeza achibale ankakangana za dzina.

Ndinapempha kuti tikhale anayi okha, amayi anga, ine, ndi eni mwana. Mwamunayo anakhala pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

"Achimwene," ndinayamba, "mwanayu akuyamwa? Akukodza bwino?"

"Akuyamwa, akukodza. Kuchipatala anati sakudwala."

"Nanga mukukamudula chifukwa chiyani?"

"Kuti akhale ngati anzake. Anthu adzamuseka."

Apo ndinawauza zanga zonse. Ndinawauza za chotupa chabodza chija, za ululu, za mmene ndinkasambira ndekha kusukulu yogonera anzanga atachoka. Ndinati kusekedwa ndinasekedwabe, mpeni sunanditeteze. Ndinatinso sindikudziwa chimene ndikanasankha akanandisiya kuti ndikule, mwina ndikanavomera, mwina ayi, koma chimene anachotsa sichimera ndipo palibe anandifunsa.

"Akadzadwala mupite naye kuchipatala msanga," ndinatero. "Koma zinazi zingathe kudikira. Mwanayu adzakhala ndi pakamwa."

Mkaziyo ankalira mosatulutsa mawu. Kenaka anandipatsira mwanayo, ndipo ndinamva kuti ndinali munthu woyamba wa kunja kwa nyumbayo kumunyamula. Anali wonenepa bwino, wa tsitsi lambiri, ndipo anandigwira chala.

Mwamunayo anatembenukira kwa amayi anga. "Inu amayi, munavomereranji?"

"Ndinaopa anthu," anayankha. "Anthu amene ndinkawaopawo ambiri anamwalira. Mwana wanga ndi uyu, akumvabe kuwawa."

Sanatilonjeze kanthu tsiku limenelo. Anangoti aganiza, natiperekeza mpaka pamsewu. Patapita masabata ndinamva kuti ulendo wa ku Lusaka wauimitsa, ndipo mwana wabatizidwa ndi dzina limene angaitanidwe nalo mnyamata kapena mtsikana.

Sizinayende mosalala. Nkhani yanga inatuluka, monga ndinkadziwira kuti idzatuluka, ndipo makasitomala ena ochokera kumeneko anasiya kubweretsa nsalu zawo. Kwa banjalo zinali zolemera koposa. Malume a mwamunayo ankati mwanayo ndi malodza, ndipo chimanga chitalephera chaka chotsatira zala zinaloza nyumba yawo. Pamapeto pake anasamuka, kuwoloka malire pa Mwami kukakhala kwawo kwa mkazi, mbali ya Malawi.

Ndinadzakumana nawo kamodzi kokha, mumsika, atabwera kudzagula kaunjika. Mwanayo anali akuyenda yekha, akukana kugwiridwa dzanja. Mayi wake anandinong'oneza kuti sanamuchite chilichonse, ndipo bambo wake wayamba kuganizira mawu amene adzamuuze akadzafunsa. Anandipempha kuti ndiwathandize kuwapeza mawuwo. Tinaima pambali pa ogulitsa tomato, tikuyesa chiganizo ichi ndi icho, mpaka basi yawo inayamba kuliza hutala.