Chitsulo cha Bambo ndi Kalasi Yakum'mawa

Ndinaganiza zochoka ku Silobela tsiku lomwe choko chinandithera m'manja ndisanamalize kulemba pa bolodi. Ndinali nditaphunzitsa jogalafe kusekondale kwa zaka zambiri, malipiro osafika pakati pa mwezi, ndipo mnzanga anali atandipezera ntchito yosamalira nkhalamba ku Polokwane. Bambo sanandiletse. Anangofunsa kuti ana a m'kalasi yanga, ija yakum'mawa kwa sukulu, ndiwasiyira ndani.

Bambo anakalambira mumgodi, monganso atate awo amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Atapuma ntchito sanasiye mugwala wawo, chitsulo chachitali chimene amumgodi amagogodera mwala kuti amve ngati uli wolimba. M'mawa uliwonse ankazungulira nacho kalasi yanga, kugogoda pansi, kupendeketsa mutu, kugogodanso. Ankati pansipo pakulira ngati ng'oma, makorokoza osaka golide afukula njira zawo mpaka kufika kusukulu. Ana ankaseka pawindo, ine manyazi atandigwira. Ndinkati ndi ukalamba, ahedi nawonso ankatero.

Ku Polokwane ndinkasambitsa mayi wina wokalamba amene sanagwirepo dzina langa. Masana akagona ndinkakhala pakhonde, maso ali kumsewu koma ndikuona fumbi lofiira lakwathu, mitengo ya tsanya, mbuzi zitakwera pa milu ya dothi la mgodi. Nthawi zina mpope ukamadontha kubafa ndinkamva ngati chitsulo chija chikundizungulira. Ndinkasungulumwa, ndisaname. Ndalama ndinkatumiza, ndipo ndinagulira bambo foni yabwino kuti ndizimva mawu awo. Koma pakati pa sabata sinkayankhidwa, ndipo Lamlungu ankangoti foniyo imapita kusukulu. Ndinapsa mtima. Ndinati ine ndikuwerama msana kuno, nkhalamba ikugawa foni ngati chimanga chokazinga.

Chaka chachitatu uthenga unabwera kuchokera kwa Mayi Sibanda, mphunzitsi wa sayansi amene anatenga kalasi yanga, woti bambo agonekedwa m'chipatala ku Kwekwe. Ndinakwera basi tsiku lomwelo, koma ndinafika anthu atayamba kale kuimba nyimbo za maliro.

Patatha sabata Mayi Sibanda anandiitana kusukulu. Ndinapeza kalasi yakum'mawa itatchingidwa ndi waya, ngodya yake imodzi itatitimira. Anandifotokozera kuti tsiku lina, ana a Fomu 3 akuwaseka bambo monga mwa masiku onse, mayiwo anafunsa anawo kuti kodi mdala ameneyu amamva chiyani. Funso limodzi lomwelo linadya teremu yonse. Bambo ankagogoda, ana n'kumajambula kulirako pa foni ija, ndipo pa sayansi ankayerekeza mizere imene foniyo inkaonetsa ya kulira kwa pansi polimba ndi kwa pansi pa mphako. Pa masamu anayeza mitunda. Pa jogalafe anaika malo alionse pa mapu, pa phunziro la mbiri anakhazika bambo pampando kuti asimbe za migodi yakale. Poti ana ambiri Chichewa sachimva, ochepa ochimva anamasulira anzawo m'Chindebele ndi m'Chingerezi. Mapuwo anafika kwa ahedi, ahedi anaitana oyeza nthaka, ndipo ana anasamutsidwa. Mvula yoyamba itagwa, ngodya ija inatitimira m'kalasi mulibe munthu.

"Sisi, khalani pansi mumve izi," anatero Mayi Sibanda, n'kunditsegulira foni ija.

Munamveka kugogoda, kenako bambo ndi chilankhulo chawo chamumgodi: "Apa mushe, mwala ukuyankha. Apa ayikona, pansi palibe kanthu." Mtsikana wina anawafunsa chifukwa chimene ankayambira pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, kuseri kwa khoma la bolodi.

"Apa ndi pamene ankaima mwanangu akamaphunzitsa," anayankha. "Ndinkabwera kudzafunsa pansi ngati pamunyamule tsiku limenelo."

Ndinabwereza mawuwo katatu, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Zaka zonse zija ndinkaima pamwamba pa dzenje, ndikuchitira manyazi munthu amene ankandilondera.

Ku Polokwane sindinabwerereko. Mugwala uja umakhala kuseri kwa chitseko cha kalasi yanga yatsopano, ndipo Lolemba lililonse timazungulira nawo sukulu. Ana amagogoda, ine n'kupendeketsa mutu, iwo n'kumandikonza ndikalakwitsa, poti pa gulu lonselo ndine ndekha amene bambo sanandiphunzitse.