Khomo Lopindika la m'Buku

Bukulo ndinalitola potayira zinyalala pa nyumba yosanja imene ndinkalondera ku Silicon Oasis, m'dziko la Aluya. Mwini wake, mzungu wojambula mapulani a nyumba, ntchito itamuthera chifukwa cha korona analongedza mwaphuma n'kusiya mulu wa mabuku. Limeneli linali lolemera ngati njerwa ziwiri, lodzaza zithunzi zamakedzana za ku Ulaya, zimene amisiri ankazokota pa mkuwa n'kudinda papepala: nsanamira zamaluwamaluwa, makomo opindika pamwamba, masitepe okwerana okhaokha.

Posakhalitsa mnzathu wina anapezeka ndi matendawa, ndipo tonse anatitsekera m'chipinda cha kampani ku Al Qusais. Ine kukhala pansi sinditha. Ndinkachoka pabedi kupita pawindo, n'kubwerera, n'kupitanso, mpaka ndinatsegula buku lija. Apa m'pamene ndinaiputa.

Kwathu ku Dedza nyumba yanga imene inkamangidwa inali itafika pa lintala, ikungodikira malata. Ndinajambula tsamba lina pafoni n'kutumizira mmisiri kuti khomo lipindike chomwecho. Mawa lake ndinafuna nsanamira pakhonde. Tsiku linalo ndinati agumule windo. Mmisiriyo ankangoti "chabwino bwana", koma mayi a kunyumba sanandinyengerere.

"Abambo, kuno mitambo yayamba kuda. Njerwazi tamangira dothi, osati simenti. Tikhome kaye malata."

Ndinawayankha kuti zinthu zabwino sizifuna phuma. Ndinalankhula ngati wozindikira, pamene vuto langa linali lakuti manja analibe chogwira.

Mnzanga wa ku Chipata, wogona bedi lapamwamba, ndiye analiwerenga bukulo m'malo mongoona zithunzi.

"Iwe habibi, mnzanga, balemba apa kuti izi nyumba sibanamangepo. Zenze za mumutu chabe. Ona aya masitepe, yayenda kuti? Khalas, basi, uza bamisiri baike malata."

Ndinamulanda bukulo mokwiya, chifukwa ndinaona kuti akunena zoona. Komabe ndinazengereza sabata ina. Khomo lija linali litandilowa mumtima.

Mvula yoyamba inagwa masiku atatu osakata. Mayi a kunyumba anatumiza chithunzi: khoma lakutsogolo lili pansi, njerwa zili mbwee m'matope, koma khomo langa lopindika, lomwe mmisiri anamangira simenti, lili chiimire lokhalokha, lokongola ndithu ngati la m'buku. Ndinachita manyazi moti tsiku limenelo sindinaimbe foni.

Pansi pa chithunzicho analembapo kuti: "Khomo lanu latheka, abambo. Mukadzabwera mudzalowera pomwepa, kungoti sindikudziwa kuti mudzakhala mukulowa muti."